Kudikira atsekwe m'matope a ku Wash

Lolemba, 22 Sepitembala

Tafika ku Sutton Bridge, kum'mawa kwa England, cha m'ma 1 koloko masana. Kuchokera ku Peterborough si kutali, tinadzera ku Wisbech n'kukhotera kumpoto, koma dziko limasintha msanga. Phiri kulibe, ngakhale chulu. Minda ya mbatatesi, kabichi ndi ziputu za tirigu yangoti see mpaka polekezera maso, ngalande zake zowongoka ngati anachita kukokera chingwe. Madala akuti nthaka yonseyi inali ya nyanja, anthu anachita kulanda pang'onopang'ono pomanga makoma a dothi, lina kutsogolo kwa linzake. N'zoona, panjira tadutsa makoma akale atatu amene lero angoima pakati pa minda, nyanja inawasiya kalekale.

Ndikati madala ndikunena bambo wina wachingelezi amene ndinkagwira nawo ntchito asanapume. Chaka chatha tikumwa tiyi pa shifiti ya usiku ndinawauza kuti kwathu ndi ku Zomba, cha ku Kachulu m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, ndipo malume anga anali mlenje wa mbalame. Anaika kapu pansi n'kunena kuti, "Ndiye iwe uyenera kudzaona dambo lathu." Ndinkayesa ndi mawu ongocheza. Mwezi wathawu anandiimbira foni kuti apempha kale chilolezo ku kalabu yawo ya alenje a mbalame kuti ndipite nawo ngati mlendo. Ine mfuti sindigwira, ndilibe chiphaso chake. Ntchito yanga ndi kunyamula chikwama, kukhala chete ndi kuyang'ana.

Malo ano amatchedwa The Wash. Ndi chigawo cha nyanja yamchere cholowa kumtunda pakati pa Lincolnshire ndi Norfolk, kumene mitsinje inayi imathira: Witham, Welland, Nene ndi Great Ouse. Titangotula katundu madala anati tivale magambuti ofika pachifuwa tikayende pa dambo kukuwala, madzi ali kutali. Munthu salowa usiku malo amene sanawapondepo masana.

Ukakwera khoma lomaliza, lofanana ndi madayiki a ku Chikwawa koma lalitali, umaona dambo lamchere. Ukaliyang'ana chapatali umati ndi bwalo losalala la udzu. Ukatsikiramo umapeza kuti lang'ambika paliponse ndi makhwawa a matope, ena oti n'kudumpha, ena akuya kuposa msinkhu wanga, okhotakhota ngati matumbo a nkhuku. Thope lake ndi lotuwa pamwamba, lakuda bii pansi, lonunkha ngati dzira lowola ukalivundula. Madala amayenda ndi ndodo yaitali. Amayamba abaya kaye, kenako n'kuponda. Andionetsa powolokera khwawa lalikulu, pamene pansi pali zigoba za nkhono ndipo sipamira, n'kuzikapo kamtengo. Andithyolera kachomera kena kopanda masamba kotchedwa samphire, kamene kayamba kufiira nyengo ino. Ndatafuna, ndi mchere wokhawokha, ndipo zandikumbutsa chidulo.

Madzulo takhala pa khoma kuti ndione chimene chimalamulira zonse kuno. Chilwa imadzaza ndi kuphwa motsata mvula, zaka ndi zaka. Nyanja iyi imalowa ndi kutuluka kawiri pa tsiku, ndipo mwezi ukakhala watsopano ngati dzulo, kapena wathunthu, imalowa mwamphamvu kwambiri. Sibwera ndi mafunde ayi. Imayamba ndi kamadzi ka thovu kokwawa pansi pa khwawa, kopanda phokoso, ndipo pamene ukuti uyang'anenso khwawa lija lasanduka mtsinje. Choopsa n'chakuti makhwawa a kumbuyo kwako amadzaza iwe ukuyang'ana kutsogolo. Kamtengo tinazika kaja kanamira ndikukaona.

Pobwerera tadutsa pa nsanja yoyera ya kum'mawa kwa mtsinje wa Nene. Mmenemo munkakhala Peter Scott kuyambira 1933 mpaka 1939, akusaka atsekwe ndi kuwajambula. Munthu yemweyo ndiye anadzayambitsa malo otetezera mbalame za m'madzi ku Slimbridge mu 1946, n'kudzakhalanso mmodzi mwa oyambitsa bungwe loteteza zachilengedwe la WWF mu 1961. Madala amamutchula ngati wachibale.

Lachiwiri, 23 Sepitembala

Tadzuka 4 koloko. Nyengo yosaka abakha ndi atsekwe inatsegulidwa pa 1 Sepitembala. Kumtunda idzatsekedwa pa 31 Januwale, koma kunsi kwa mzere umene madzi a nyanja amafika imapitirira mpaka pa 20 Febuluwale. Madala akuti masabata oyambirirawa ndi ofewa, kuzizira kwenikweni sikunafike. Kwa ine zala zinali zitauma kale tisanatsike khoma. Chodabwitsa n'chakuti udzudzu uliponso, wambiri, woluma kupyola malaya. Akuti kale anthu a m'madambo a kuno ankadwala malungo, asanaumitse dzikoli.

Lero madzi amayembekezeka kudzaza cha m'ma 7:30, ndiye sitinapite kutali. Tinakhala mbali ya kumtunda kwa khwawa lalikulu, m'kadzenje, miyendo m'thope, misana itatsamira gombe. Galu wawo wamkazi, wakuda wa mtundu wa Labrador, anamuyalira chiguduli kuti asakhale m'madzi. Tochi anazimitsa. Ndiye kudikira.

Mdima wa pa dambo uli ndi mawu ake. Kunamveka mbalame ina ya mlomo wautali wopindika, curlew, ikulira mokoka ngati munthu woitana mnzake wa kutsidya. Tina tating'ono tinkalira mothamanga m'makhwawa. Madala ankandinong'oneza dzina la iliyonse asanaione, n'kuwonjezera kuti, "Yotetezedwa." Zambiri mwa zimene tinamva zinali zotetezedwa. Lamulo la mu 1981 lili ndi mndandanda wa mbalame zololedwa kupha, ndipo ndi waufupi. Mlenje wa kuno ayenera kuzindikira mbalame m'chisisira, ikuuluka, mwa kaumbidwe kake, kakupizidwe ka mapiko ndi kulira kwake, m'kanthawi kochepa ngati kuphethira. Akakayika saombera.

Ndinaziona ndekha kum'mawa kutayamba kufiira. Abakha anayi akuluakulu anabwera molunjika ife, otsika, oti ngakhale legeni ikanawapeza. Mtima wanga unagunda. Ndinayang'ana madala, mfuti ili pamiyendo, sanaigwedeze n'komwe. Atadutsa pamutu pathu ndinaona zoyera ndi zakuda pamapiko. "Shelduck," anatero. Otetezedwa. Ndinamva kuwawa kumene mwana wa mlenje amamva ndiwo zikamadutsa pamaso pake, sindibisa.

Kenako kunamveka ngati wina wang'amba nsalu. Timabakha ting'onoting'ono totchedwa teal, mwina khumi, tinatulukira m'khwawa chakumanzere, tikupotoloka pamodzi ngati tamangidwa pa ulusi umodzi. Phaa, phaa. Chipolopolo choyamba chinaphonya, timabakha tinalunjika kumwamba ngati taponyedwa, chachiwiri chinagwetsa kamodzi. Galu sanasunthe mpaka atauzidwa. Anasambira khwawa, madzi anali atayamba kale kulowa, n'kubwera nako osakaluma, n'kukapereka m'manja.

Madala anandipatsa kuti ndikagwire. Kanali kofunda, kopepuka kuposa nkhunda yonenepa, magalamu 300 ndi kanthu. Nthenga zake zofiirira ngati udzu wouma, koma papiko pali kachigamba kobiriwira kowala ngati galasi la botolo. Ndinati ndi kakakazi. Anandionetsa timizere tosalala tapamsana n'kunena kuti ndi kakamuna, kungoti nyengo ino amuna amakhala asanavale nthenga zawo zokongola, amafanana ndi akazi. Kambalame aka mwina kanaswedwa ku Scandinavia kapena ku Russia.

Pofika 7 koloko tinali pa khoma tikumwa tiyi wa m'fulasiki. Maola atatu, zipolopolo ziwiri, kabakha kamodzi. Madala anatola makatiriji awo opanda kanthu n'kuika m'thumba, nkhope ili yowala ngati abwera ndi nyama ya mudzi wonse. Ine mumtima ndinkawerengera kuti kwathu kameneka sikakanakwana ngakhale ana awiri.

Lachitatu, 24 Sepitembala

Chifunga. Tinafika pa khoma 5 koloko, kuunika tochi kumangobwerera m'maso. Madala anaima pang'ono n'kunena kuti lero sitilowa. Ali ndi kampasi m'khosi, ali ndi foni yosonyeza malo, dambo amalidziwa kwa zaka zoposa 40, koma ayi. Akuti m'chifunga munthu amayenda mozungulira akuyesa kuti akulunjika kumtunda, ndipo madzi sadikira kuti upeze njira. Sindinatsutse. Kuno ngakhale mfumu inalephera: mu 1216 katundu wa Mfumu John anamira m'matope a Wash yemweyu, ngolo zikuwoloka madzi n'kuzipeza, ndipo mpaka lero sanapezeke.

Tinakhala m'galimoto kudikira kuti kuche. M'pamene ndinafunsa za zipolopolo zawo, chifukwa pa bokosi panalembedwa kuti ndi zachitsulo. Kuyambira 1999 ku England n'koletsedwa kuombera abakha ndi atsekwe ndi timipira ta mtovu. Chifukwa chake aliyense amene anatumbulapo nkhuku angachimve. Mbalame imameza timiyala kuti nthutumba ipere chakudya. Timipira ta mtovu togwera m'thope bakha amatiyesa timiyala, nthutumba n'kutipera, poizoni n'kulowa m'magazi. Bakha woti sanaomberedwe n'komwe amafa pang'onopang'ono m'bango. Chitsulo n'chopepuka ndipo chimatha mphamvu msanga, ndiye mlenje ayenera kudikira kuti mbalame iyandikire, mamita 35 kapena kuposa pang'ono.

Masana kutayera tinapita ku Frampton Marsh kufupi ndi Boston, malo otetezedwa a bungwe losamalira mbalame la RSPB. Ndinadabwa kuona madala akutulutsa makina oonera patali n'kukhala pa benchi limodzi ndi anthu okonda kungoyang'ana mbalame, akuwerengera limodzi abakha a wigeon amene angofika kumene. Chapatali pankaoneka nsanja ya tchalitchi cha St Botolph, imene madzi a nyanja anailowa pa 5 Disembala 2013. Pa chikwangwani china ndinawerenga kuti The Wash ili pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse. Chilwa ilinso pa mndandanda womwewo, ndipo ndi malo oyamba a ku Malawi kulowapo. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali.

Pamwamba pa bango panali anamzeze ambirimbiri akudya tizilombo. Akunyamuka masiku omwe ano kupita kumwera kwa Africa. Iwo akupita kwathu, ine ndili pano kudikira atsekwe ochokera kozizira.

Lachinayi, 25 Sepitembala

Usiku mphepo inatembenuka, ikuchokera kumpoto. Madala anagogoda pa chitseko changa 3:45, mawu awo ali ngati a mnyamata. Madzi amachedwa tsiku ndi tsiku, lero amadzaza cha m'ma 8:30, ndiye tinali ndi mpata wowoloka khwawa lalikulu pa kamtengo kathu n'kufika kumapeto kwa udzu, kumene thope loyera limayambira. Tinayenda mphindi 40 mumdima. Ndinagwa kawiri. Walira mvula walira matope.

Tinabisala m'kakhwawa kakang'ono. Kutsogolo kwathu kunali thope lokhalokha, lonyezimira, makilomita angapo mpaka kumene madzi ali. Atsekwe amagona kumeneko, pa mchenga, kumene nkhandwe singawafike osaoneka, ndipo kukacha amaulukira kuminda kukadya. Ulenje wonse wagona pa kulosera njira imene adzere.

Ndinawamva ndisanawaone. Kulira kwake si kwa tsekwe wa pakhomo. Ndi kwakuthwa, kwapamwamba, mawu ambirimbiri osakanikirana, ngati ana asukulu akutuluka m'kalasi kutali kwambiri. Galu anayamba kunjenjemera thupi lonse. Madala anandigwira mkono n'kunena kuti, "Pinks." Ndiko kutchula kwawo atsekwe a mapazi ofiirira, pinkfoot, amene amaswana ku Iceland ndi kum'mawa kwa Greenland. Anatulukira kumene kumwamba kunali kutayamba kuyera, mzere wautali wogwedezeka, wina pambuyo pake, winanso. Ndinawerenga mpaka 200 n'kusiya. Anadutsa pamutu pathu penipeni, ndinamva mapiko akulira ngati zitseko zakale.

Madala sanakweze mfuti. Ndinawanong'oneza kuti, "Bwanji madala, si ololedwa amenewa?" Anati ndi ololedwa, koma ali pamwamba kwambiri. Ukaombera pamenepo sugwetsa, umangolasa, tsekwe n'kupita ndi chitsulo m'mimba kukafera kumunda kwa eni. Anangovula chipewa n'kumayang'ana, mphepo ikuwatulutsa misozi.

Atsekwe amenewa angowoloka kumene makilomita pafupifupi 800 a nyanja pakati pa Iceland ndi Scotland. Amayenda ngati banja, tambala ndi thadzi sasiyana, ana a chaka chino amatsatira makolo kuti aphunzire njira. Cha m'ma 1950 analipo pafupifupi 30,000 okha. Peter Scott anawatsatira mpaka kumene amaswana pakati pa Iceland mu 1951, kukawaveka mphete m'miyendo. Lero aposa 400,000, ndipo chimodzi mwa zimene zawachulukitsa ndi minda yomweyi: njere zotsalira m'ziputu, mbatatesi, ndi zotsala za beet, mbewu ya mizu yonenepa imene amapangira shuga kuno.

Atatha kudutsa kunangoti zii, ndipo ndinapezeka ndikuganiza za malume. Mu 1995 Chilwa inaphwa. Ndinali ndi zaka khumi. Mabwato anagona pa dothi long'ambika, matemba ndi makumba zinasowa, anthu amene moyo wawo wonse unali nsomba anatembenukira ku mbalame. Malume ankalowa m'njedza kusanache ndi misampha ya ulusi ndi ulimbo, n'kubwera ndi mbalame zomanga m'mitolo. Zina tinkadya, zina amayi ankawamba n'kukagulitsa kuti tigule ufa. Mbalame zija ndi zimene zinatiwolotsa chaka chimenecho. Ndakhala ndikumva anthu ophunzira akunena za alenje a ku Chilwa ngati owononga, ndipo zimandipweteka. Malume ankadziwa mbalame ngati mmene madala amazidziwira. Ankazitchula ndi kulira kokha, ankadziwa yofungatira mazira, ndipo zaka zabwino ankaisiya. Chaka cha njala sanasiye iliyonse. Madala angathe kuvula chipewa atsekwe 200 akudutsa chifukwa kunyumba kwawo m'firiji muli chakudya. Sindikuwachotsera ulemu ponena zimenezi, kudziletsa kwawo ndi kwenikweni ndipo ndakuona ndi maso. Koma ndikanakonda anthu akamayamikira mlenje wa kuno azikumbukira chimene chimamulola kudikira.

Maganizo amenewa ndi amene anandisokoneza pobwerera. Madala anayang'ana wotchi 7:10 n'kunena kuti tizipita. Titafika pa khwawa lalikulu kamadzi ka thovu kaja kanali katayamba kale kukwawa pansi. Ine m'malo motsata mapazi awo ndinatsikira mamita awiri okha kumanja kwa kamtengo. Mwendo wamanzere unalowa mpaka m'bondo. Nditati ndiukoke, wamanja unalowa mpaka m'ntchafu. Thope limagwira ngati munthu. Madzi anafika pa ine, ozizira, n'kuyamba kukwera pa gambuti ndikuwaona.

Madala sanakuwe. Anaika mfuti pa gombe, n'kunena modekha kuti, "Usalimbane nalo. Vula chikwama, uchiike kutsogolo, ugonepo chamimba." Ndinagona. Anandiuza kuti ndigwedeze phazi pang'onopang'ono kuti madzi alowe pansi pa chidendene. Anandiponyera ndodo. Mwendo woyamba unatuluka ndi phokoso ngati ng'ombe ikuzula phazi m'dimba, wachiwiri unatenga nthawi yaitali, ndipo ndinatuluka chokwawa, thope mpaka m'makutu. Mwina zonse zinatenga mphindi zisanu. Titafika pa khoma ndinacheuka, khwawa linali litadzaza pakamwa. Manja anga analephera kugwira kapu. Madala anandigwirira mpaka nditamwa.

Lachisanu, 26 Sepitembala

Anandifunsa usiku ngati ndikufuna kupuma lero. Ndinati ayi, ndipita. Ndinaponda paliponse pamene iwo aponda.

Tinasuntha mamita 300 chakum'mawa, kumene dzulo anaona atsekwe ena akudzera motsika. Awa ndi greylag, akuluakulu, otuwa, a milomo yachikasu chofiirira, makolo a atsekwe oweta a kuno. Ambiri mwa iwo sachoka, amaswana m'maiwe a konkuno, ndipo alimi amadandaula nawo. Ndi amene mlenje wa mu Sepitembala amayembekezera kwenikweni.

Choyamba kunabwera abakha a wigeon. Amuna amaimba mluzu womveka bwino, akazi amangong'ung'udza. Madala anawayankha ndi kawenzulo kachitsulo, anakhota kamodzi kutiyang'ana, koma sanayandikire. Ma pinks anadutsanso kumwamba kwawo kuja. Dzuwa litatsala pang'ono kutuluka kunamveka kulira kwa besi, kokhakhala, ndipo atsekwe asanu ndi awiri anabwera akulimbana ndi mphepo, otsika ngati denga la nyumba ya nsanjika. Madala anadikira mpaka ndinaona mapazi awo. Anasankha wa kumapeto. Kuombera koyamba tsekwe anagwedezeka koma sanagwe, kwachiwiri anapinda phiko limodzi n'kutsetsereka chammbali, kukagwera kutali, kuseri kwa makhwawa awiri.

Apa m'pamene ndinaona madala atasintha nkhope. Abakha ena anadutsa pafupi, sanawayang'ane n'komwe. Mbalame yolasidwa imayamba kupezeka kaye, zina zonse pambuyo. Anatumiza galu ndi dzanja. Anawoloka khwawa loyamba, kukwera, kusowa m'udzu. Wenzulo kamodzi, galu anaima n'kucheuka, dzanja linaloza kumanzere, anapita. Kenako sitinamuonenso. Mphindi khumi zinatha. Ndinkayang'ana wotchi ndi pansi pa khwawa mosinthanasinthana, za dzulo zili m'mutu. Kenako mutu wakuda unatulukira kutali kwambiri ndi kumene tinkaganiza. Tsekwe anali atathawira m'khwawa n'kumatsika nalo kulunjika kunyanja, galu anamutsata ndi fungo. Anabwera naye wamoyo, khosi lili chilili, phiko likukokeka m'thope. Madala anamulandira n'kumumaliza nthawi yomweyo, kamodzi. Anakhala kaye chete, dzanja lili pa chifuwa cha tsekwe, kenako n'kunena kuti kuombera koyamba kuja anachedwa nako, ndipo sanakondwe nazo. Galu anamupatsa theka la sangweji yawo.

Ndinamunyamula ine. Makilogalamu atatu ndi kanthu amalemera ukamayenda m'thope, ndipo kufunda kwake ndinkakumva pamsana kupyola chikwama.

Masana ndinapempha kuti kusosola kukhale kwanga. Madala amangochotsa chidali n'miyendo, koma ndinawauza kuti kwathu mbalame sitaya kanthu. Ndinakhala pa ndowa kuseri kwa nyumba, nthenga zikuuluka ndi mphepo, pansi pake pali tsumba lofewa lothithikana loti chala sichifika pakhungu. Ndinawawula pa kasitovu ka gasi. Fungo la nthenga zopserera linandifikitsa pakhomo pa amayi nthawi yomweyo. Nditatumbula ndinapeza njere za tirigu kummero, ndipo nthutumba inali yaikulu ngati chibakera cha mwana, mkati muli mchenga ndi timiyala toyera. Ndinaitsuka bwinobwino n'kuiika padera.

Madala anali pa tebulo akulemba m'kabuku ka kalabu: tsiku, malo, maola, zipolopolo, mtundu wa mbalame. Ngakhale tsiku lopanda kanthu limalembedwa. Mawerengero amenewa amapita kwa eni nthaka ndi oyang'anira zachilengedwe, ndipo chilolezo cha kalabu chimadalira zimenezi. Makalabu ambiri otere ali pansi pa bungwe la BASC, limene linayamba mu 1908 ngati gulu la alenje a m'madambo a m'mbali mwa nyanja. Ku Chilwa nakonso alenje a mbalame anadzakhazikitsa makomiti awo, okhala ndi malo oletsedwa kusaka ndi nyengo yotseka. Malume anali atamwalira kale pamenepo. Akanakhalapo ndikudziwa kuti kabuku kakanakhala m'manja mwawo.

Sabata yonse: teal mmodzi, greylag mmodzi, zipolopolo zinayi.

Loweruka, 27 Sepitembala

Tanyamuka m'mawa osalowanso m'dambo. Tinangokwera khoma komaliza, galu akuthamanga patsogolo. Ma pinks achuluka kuposa Lachinayi. Pa mlatho wa Cross Keys tinadikira kanthawi, unali utatembenuzidwa kuti sitima yapamadzi idutse mu Nene. Ponditsitsa pakhomo madala anatsegula kumbuyo kwa galimoto n'kundipatsa tsekwe yense. Ndinakana kawiri. Anati iwo atenga ka teal, kamawakwanira.

Ndamuphika monga ankachitira amayi ndi mbalame zokhwima: kuduladula, kuwiritsa pa moto wochepa maola atatu mpaka madzi atsale pang'ono, kenako kukazinga m'mafuta ake omwe ndi anyezi ndi tomato. Nyama yake ndi yakuda, yolimba, yokoma ngati ya ng'ombe yosanona. Ndatafuna mosamala, ndipo ndapeza kampira kamodzi kachitsulo m'ntchafu. Ana anga adya ndi nsima, wamng'ono akufunsa ngati tsekweyu anali ndi ana ake. Ndamuuza kuti mwina anali nawo, ndipo nyengo ino amakhala atakula, akuuluka okha.

Madzulo ndinaimbira amayi pa WhatsApp n'kuwaonetsa mphika. Anayandikitsa nkhope pa foni, n'kufunsa ngati ndinatchera ndekha. Ndinawafotokozera za mfuti, za galu, za madzi olowa kawiri pa tsiku. Za kutitimira sindinawauze. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Nanga nthutumba wadya ndani, mwanawe?"

Ndinati ilipo amayi, ndaphika payokha, ili m'kabakuli.

"Ukawapatse eni mfuti. Usatume mwana, upite wekha."

Ndawaimbira madala kuti mawa ndikatuluka m'tchalitchi ndidzera kwawo. Afunsa kuti kwagwanji, ndawauza kuti ndili ndi katundu wawo.